Foni imayamba kukalamba m'kati

Mu Lilongwe muno foni sitayidwa, imangosintha manja. Imayambira m'thumba mwa bwana wa ku Area 10 kapena ku Area 43, amene anaigula ali paulendo wa ku Johannesburg kapena ku Dubai. Batire likayamba kufooka, imapita kwa mwana wa ku sekondale. Mwanayo akaswa galasi, imatsikira kwa dalaivala, kwa mayi wogwira ntchito m'nyumba, kapena kwa mlonda wa pageti. Ameneyo amakwera nayo minibasi kupita ku Old Town, komwe mnyamata wa pabenchi cha ku Malangalanga amaisinthira galasi ndi batire n'kuipukuta mpaka kuwala. Ikatumikira kumeneko zaka zina, imakwera basi pa depoti kupita kwa agogo ku Mitundu, ku Nathenje kapena ku Kasiya.

Mwambo umenewu ndimaulemekeza. Foni imodzi imathandiza mabanja angapo, ndipo anyamata ambiri a ku Kawale, ku Biwi ndi ku Mchesi amadyetsa ana awo ndi luso lotsitsimutsa mafoni omwe kumayiko ena akanatayidwa kalekale. Ndinaimapo pambali pa mmodzi wa iwo akuwotcherera tiwaya tosaoneka bwino ndi maso, fumbi la magalimoto likumuwaza, dzanja lake osanjenjemera, ndipo ndinachoka ndikumugomera. Koma pali mbali ina ya foni imene iye sangaikonze ngakhale atakhala katswiri wotani. Mbali imeneyo siioneka, siilira, siitentha m'manja. Foni imatha kuwala kunja, kuimba bwino, kusunga moto tsiku lonse, pomwe amene anaipanga anaisiya kalekale.

Pa foni ya Android, mukatsegula Settings n'kupita pomwe alemba About phone, mukafufuza pang'ono mupeza mzere wonena za security update kapena security patch level, ndipo pansi pake pali tsiku. Tsiku limenelo likukuuzani nthawi yomaliza imene opanga foniyo anatseka mipata yomwe akuba a pa intaneti angaloweremo. Anthu ambiri amene ndawaonetsa mzerewu anali asanauonepo. Ena amapeza mwezi wathawu. Ena amapeza 2021, ena 2019, ndipo amandiyang'ana modabwa, chifukwa foniyo m'manja mwawo ikugwira ntchito bwinobwino.

Pulogalamu yoyendetsa foni inalembedwa ndi anthu, ndipo ndi yaikulu kwambiri, mizere mamiliyoni ambiri. Anthu amalakwitsa. Zolakwika zina zimangochititsa foni kuzima yokha, koma zina zimasiya mpata woti munthu wakutali alowe, awerenge mauthenga, amvetsere, kapena alamulire foniyo. Akatswiri amasaka mipata imeneyi usana ndi usiku, ena kuti aitseke, ena kuti aigulitse. Google ikakonza mbali yake, ntchito siithera pomwepo. Kampani yopanga ubongo wa foniyo, kaya ndi MediaTek, Qualcomm kapena Unisoc, iyenera kukonza mbali yake, kenako Samsung, Tecno kapena Xiaomi aiphatikize ndi kuiyesa pa mtundu uliwonse wa foni paokhapaokha asanaitumize. Zonsezi zimafuna antchito ndi ndalama, pomwe foniyo inagulitsidwa kale ndipo siibweretsanso phindu. Ndiye pamafika tsiku lomwe kampani imasiya. Siilengeza kwa mwini foni. Ma update amangoleka kubwera.

Dongosolo lotumiza ma update mwezi ndi mwezi linabadwa chifukwa cha mantha. Mu 2015 Joshua Drake, wofufuza za chitetezo ku kampani ya Zimperium, anapeza vuto m'gawo la Android lomwe limatsegula mavidiyo, lotchedwa Stagefright. Munthu akanatha kutumiza uthenga wa MMS wokhala ndi vidiyo yokonzedwa mwachinyengo, ndipo mafoni ena akanagwidwa eni ake asanautsegule n'komwe uthengawo. Mafoni pafupifupi 950 miliyoni anali pachiopsezo. Mu Ogasiti chaka chomwecho Google ndi Samsung analonjeza kuti azitumiza zokonza mwezi uliwonse. Mu 2017 kunatulukira vuto lina, BlueBorne, lolowera pa Bluetooth. Mu Seputembala 2023 kunapezeka lina m'kachidutswa komwe kamatsegula zithunzi za mtundu wa WebP, komwe kali m'mapulogalamu ambirimbiri. Uthenga, Bluetooth, chithunzi: zinthu zomwe tonse timagwiritsa ntchito osaganiza kawiri.

Chomwe chimandisowetsa mtendere n'chakuti update ikatuluka imaululanso chinsinsi. Google imalemba poyera mipata yomwe yatseka mwezi umenewo, ndipo munthu wodziwa amatha kuyerekeza pulogalamu yakale ndi yatsopano n'kuona pomwe panali pofooka. Foni yomwe yalandira update yatetezeka. Yomwe sinalandire yakhala pangozi kuposa dzulo, chifukwa tsopano pofookapo pakudziwika. Zili ngati wopanga maloko alengeze pa wailesi kuti loko wa mtundu wakutiwakuti amatseguka ndi msomali wopindidwa mwakuti, amene anagula chaka chino abwere adzawasinthire, koma amene anagula kale asabwere. Akuba nawonso amamvera wailesi yomweyo. Mwezi uliwonse umawonjezera chilengezo china, ndipo foni yomwe inasiyidwa mu 2019 yasenza zilengezo zonse za zaka zimenezi.

Sindikufuna kuopseza munthu ndi zinthu zakutali ngati kuti ndizo zikutha ndalama zathu. Kuno kwathu ambiri amaberedwa ndi pakamwa. Uthenga umabwera woti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, nthawi yomwe mukuyembekezeradi kutumiza ndalama kwa wina. Wina amaimba ndi mawu aulemu kuti ndi wa ku kampani ya mafoni, akufuna kukonza akaunti yanu, mungomutchulira manambala omwe abwera. Wina amati mwana wanu wakomoka ku sukulu. Apolisi ndi bungwe la MACRA akhala akunena kuti chinyengo chambiri chotere chimachokera ngakhale m'ndende, makamaka ya ku Zomba, ndipo kalembera wa ma SIM ndi chiphaso cha unzika yemwe anachitika mu 2018 sanachithetse. Pa chinyengo chimenechi foni yatsopano siithandiza chilichonse. Munthu amene watchula PIN yake kwa mlendo waberedwa, kaya wanyamula iPhone ya chaka chino kaya kafoni ka mabatani.

Komabe kukalamba kwa foni kuli ndi khomo lake lomwe limatikhudza ife mwachindunji, ndipo ndi la mapulogalamu. Mumzinda muno pulogalamu siichokera ku Play Store nthawi zonse. Bandulo ndi yodula, choncho timapatsana pa Xender, pa Bluetooth, pa memori khadi. Mnzako ali ndi GB WhatsApp yomwe imaonetsa mauthenga ofufutidwa, akupatsa. Wina ali ndi yoonera mpira ulere, wina ya kubetcha, wina yolonjeza ngongole yachangu. Palibe amene amadziwa kuti inadutsa m'manja mwa ndani isanafike kwa iye, ndiponso kuti anaikamo chiyani. Apa m'pomwe kusiyana kwa Android yakale ndi yatsopano kumaonekera. Android 6 isanabwere mu 2015, pulogalamu inkalandira zilolezo zake zonse nthawi imodzi poiika, ndipo munalibe mwayi wokana chimodzi. Kuyambira pamenepo inayamba kupempha chimodzichimodzi. Android 13 ya mu 2022 inawonjezera chotchinga china: pulogalamu yochokera kumbali siipatsidwa mosavuta mphamvu yowerenga zonse zomwe zili pagalasi ndi kudina m'malo mwa munthu. Mphamvu imeneyo anaikonzera anthu osaona bwino, koma mapulogalamu akuba amaikonda kwambiri, chifukwa nayo amaona PIN ikulembedwa, amawerenga manambala omwe banki yatumiza pa SMS, ndipo amatha kuvomera okha. Pa foni yakale chotchinga chimenecho palibe.

Tsono taonani zomwe zili m'mafoni athu masiku ano. Airtel Money, Mpamba, Mo626 ndi mapulogalamu a mabanki ena. Mayunitsi a magetsi ndi a madzi. Fizi ya ana, lendi, ndalama za banki nkhonde, chopereka cha pamaliro chomwe gulu la WhatsApp lasonkha. Bwana wa ku Area 12 akaberedwa pa foni, zimamupweteka, koma ali ndi akaunti ina, ali ndi munthu amene amamudziwa ku banki, ndipo mawa adya. Mlonda wake akaberedwa, malipiro a mwezi wathunthu apita, ndipo kuti akadandaule ayenera kusiya ntchito tsiku lonse n'kulipira minibasi. Ulendo wa foni uja wochokera ku ma Area kutsikira kumunsi umachititsa kuti foni yotetezeka kwambiri ikhale ndi amene angapirire kuberedwa, ndipo yosiyidwa kalekale ifike kwa amene chuma chake chonse chili mu SIM imodzi. Palibe amene anakonza zimenezi dala. Wopereka amapereka ndi mtima wabwino, wolandira amathokoza ndi manja awiri. Koma zotsatira zake n'zimenezo, ndipo tikazidziwa sitingapitirize ngati sitikuzidziwa.

Ngakhale foni yomwe ikulandirabe ma update, si onse amene amawaika. Ife ogwira ntchito m'maofesi a ku City Centre sitiganizirako n'komwe. Foni imalumikizana yokha ndi WiFi ya pantchito, imatsitsa zomwe ikufuna, usiku ili pa chaja imadzikonza. Munthu wa ku Area 36 kapena ku Mgona amagula bandulo ya WhatsApp yokha kapena ya Facebook yokha, ndipo update siidutsa pa bandulo yotereyo. Kuti aitsitse ayenera kugula bandulo wamba, pomwe update imodzi imatha kudya mazana a MB, nthawi zina kuposa 1 GB. Foni yake ya 16 GB kapena 32 GB inadzaza kale ndi zithunzi ndi mavidiyo a pagulu la mpingo, ndiye imamuuza kuti malo palibe. Imafunanso batire lodzaza, tsiku lomwe magetsi azima kuyambira m'mawa. Choncho uthenga wa update ukabwera amaukankhira kumbali, ndipo ena amapempha mnyamata wa pabenchi kuti authimitsiretu chifukwa ukuwadyera data. Munthu ameneyu sindingamutche wosasamala. Wawerengera ndalama zake ndipo wasankha ufa.

Malangizo omwe amalembedwa kunja pa nkhaniyi ndi achidule: foni ikasiya kulandira ma update, gulani ina. Ndi oona, koma analembedwera anthu amene foni yatsopano ndi malipiro a masiku ochepa. Kwathu kuno kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mafoni onse amachokera kunja, ndipo ochita malonda omwe amakawatenga ku Dar es Salaam, ku Dubai kapena ku China amasaka madola movutikira, nthawi zambiri pa mtengo wa mumsewu. Mtengo umenewo umathera pa wogula. Kwa mphunzitsi wa ku pulayimale, foni yabwino ndi nkhani ya ngongole. Kwa wogwira ntchito m'nyumba ndi malipiro a miyezi ingapo. Kumuuza munthu wotere kuti ataye foni yomwe ikuimba bwino chifukwa cha tsiku lolembedwa mu Settings n'kumulankhula zosamveka.

Ndiponso mawu akuti yatsopano amanyenga. Foni imatha kukhala m'bokosi lake lomata, koma mtundu wake unatuluka zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, ndipo nthawi yomwe kampani inalonjeza kuisamalira imayamba kuwerengedwa pomwe mtunduwo unatuluka, osati pomwe inu mwagula. Mafoni ambiri otsika mtengo amalandira ma update kwa nthawi yochepa, mwa apo ndi apo. Ena amabwera ndi vuto kuchokera kufakitale. Mu 2020 ofufuza a Secure-D anapeza kuti mafoni masauzande ambiri a Tecno W2 omwe anagulitsidwa m'mayiko a mu Africa anali ndi pulogalamu yoipa yotchedwa Triada m'kati mwake, yomwe inkadya data ndi kulembetsa anthu ku zinthu zolipira iwo osadziwa. Kampani ya Transsion, mwini wake wa Tecno, itel ndi Infinix, inati vutolo linalowera kwa wina mwa omwe ankaigulitsa zipangizo, ndipo inatulutsa chokonzera. Sindikutchula izi kuti ndinyoze mafoni amenewa. Ndi omwe afikitsa intaneti m'manja mwa anthu wamba mu Africa muno, pomwe makampani ena ankayang'ana kwina. Ndikungonena kuti bokosi lomata silitsimikizira chitetezo. Ndipo pamsika palinso makope, mafoni olembedwa dzina la kampani yotchuka pomwe m'kati muli zina, omwe sadzalandira update ngakhale imodzi.

Kumtunda kwa msika zinthu zasintha ndithu. Mu Okutobala 2023 Google inalonjeza zaka 7 za ma update pa Pixel 8. Mu Januwale 2024 Samsung inalonjeza zaka 7 pa Galaxy S24, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho inalonjeza zaka 6 pa Galaxy A16, yomwe ndi ya mtengo wapansi. Apple nayo imasamalira mafoni ake nthawi yaitali: iPhone 5s yomwe inatuluka mu 2013 inalandira chokonzera chitetezo mu Januwale 2023. Mayiko a European Union anapitirira pamenepo n'kuika lamulo, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 20 Juni 2025, loti foni yogulitsidwa kumeneko izilandira ma update kwa zaka zosachepera 5 kuchokera pomwe mtunduwo wasiya kugulitsidwa, ndipo zipangizo zosinthira zizipezeka kwa zaka 7. Zimenezi zikusonyeza kuti kusiya foni patatha zaka ziwiri sichinali chilengedwe. Chinali chisankho cha makampani, ndipo atakakamizidwa anasintha. Ife tidzapindula nazo mochedwa, mafoni amenewo akadzayamba kufika pa Malangalanga ngati ma ex-UK, mafoni ogwiritsidwa kale ntchito kunja, ali ndi zaka zina zotsala m'kati.

Nthawi zambiri munthu amazindikira kuti foni yake yasiyidwa pomwe pulogalamu yomwe amaidalira yakana. Mu Okutobala 2023 WhatsApp inasiya kugwira ntchito pa mafoni omwe Android yake siinafike pa 5.0, ndipo mu 2025 inasiya iPhone 5s, iPhone 6 ndi 6 Plus. Mafoni a Android 7.0 kutsika m'munsi anayamba kukana masamba ambiri a pa intaneti mu 2024, n'kumachenjeza kuti tsambalo silodalirika, chifukwa sazindikira ziphaso zatsopano zomwe masambawo amagwiritsa ntchito. Mapulogalamu a mabanki nawo amafika poti safuna Android yakale. Apa m'pomwe ngozi imakula, chifukwa mwini foni amathamangira ku benchi, ndipo njira yachangu yomwe ilipo ndi kumuikira pulogalamu yosinthidwa yochokera kumbali, kapena kuiflasha foniyo ndi pulogalamu yotengedwa pa tsamba losadziwika. Foni imadzuka, kasitomala amasangalala, koma zomwe zalowamo palibe amene angazitsimikizire, ngakhale woikayo.

Nkhaniyi inandifikira pakhomo kudzera mwa azakhali anga. Amachita geni ya nsomba zouma, ndipo ndi msungichuma wa banki nkhonde ya amayi a m'dera lawo. Atabwera kudzationa anandifunsa mosazungulira: "Iwe mwanangu, foni ija unasiya ija ili kuti? Ineyo ndikufuna ya WhatsApp, ana a ku Joni aja azindionetsa zidzukulu." Foniyo inali m'dirowa, yopanda mng'alu, batire lake labwino. Tsiku lake la chitetezo linaima zaka zingapo zapitazo. Kuwakaniza kukanakhala kuwamana nkhope za zidzukulu zawo chifukwa cha chinthu chomwe sangachione. Kuwapatsa osanena kanthu kukanakhala kuika ndalama za amayi a gulu lonse m'foni yomwe ine mwini ndinasiya kuikhulupirira.

Tinakhala pakhonde n'kugawa ntchito. Ndinati, "Azakhali, foniyi tengani, koma ikhale ya zithunzi ndi kucheza basi. Tiikemo laini ina. SIM ya ndalama ija isachoke mu mose wa lero wanu." Anandiyang'ana nati, "Ndiye ukutanthauza kuti foni yako yodulayi ikuchepera kafoni kanga ka mabatanika?" Ndinawayankha kuti pa nkhani ya ndalama, eya. Kafoni ka mabatani kamatumiza ndalama podina *211# kapena *444#, ndipo mulibe malo oti pulogalamu yachilendo ikhalemo n'kumasuzumira PIN. Sikuti n'kosagonjetseka. Wakuba wa pakamwa amakagonjetsa, wosintha SIM mwachinyengo amakagonjetsa. Koma khomo lija la mapulogalamu kalibe. Ndinawapemphanso chinthu chimodzi, chomwe ndikudziwa kuti n'chovuta m'nyumba ya ana ambiri: mdzukulu kapena mnansi asawaikire pulogalamu iliyonse kuchokera m'foni ina. Anaseka nati zidzukulu za masiku ano sizimva, koma mfundo ya mafoni awiriyo anaimvetsa msanga kuposa anzanga ena a ku ofesi, chifukwa munthu wosunga ndalama za gulu amadziwa kale kuti ndalama za geni ndi za pakhomo siziikidwa pamodzi.

Foni yakale siili yopanda chitetezo kotheratu, ndipo izi n'zofunika kuzidziwa kuti munthu asataye mtima. Mapulogalamu monga WhatsApp ndi Chrome amalandira zokonza zawo kudzera ku Play Store ngakhale kampani yopanga foni itasiya, bola Android yake isakhale yakale kwambiri. Kuyambira pa Android 10 ya mu 2019, Google imatha kukonza zigawo zina za m'kati mwachindunji, osadikira wopanga foni. Play Protect imayang'ana mapulogalamu omwe ali m'foni ndi kuchenjeza za oipa omwe ikuwadziwa. Choncho foni ya Android 11 kapena 12 yomwe inasiya kulandira ma update chaka chatha, m'manja mwa munthu wosaika zinthu za kumbali, ili kutali kwambiri ndi foni ya Android 6 yodzaza ndi mapulogalamu opatsidwa pa Xender. Pakati pa kutaya ndi kusunga pali malo aakulu, ndipo ambiri a ife tikhala m'malo amenewo kwa zaka zikubwerazi.

Pali anthu ena amene kwa iwo sindiona chokambirana. Wowerengera ndalama amene amavomereza malipiro a kampani pa foni, loya, mtolankhani, dokotala wosunga zithunzi za odwala, mkulu wa ku Capital Hill amene makalata a boma amamupeza pa WhatsApp: amenewa asanyamule foni yosiyidwa. Zomwe zili m'foni mwawo si zawo zokha. Mu 2019 WhatsApp inaulula kuti anthu pafupifupi 1,400 m'mayiko osiyanasiyana, ena mwa iwo atolankhani ndi omenyera ufulu, anatcheredwa ndi pulogalamu yaukazitape ya Pegasus kudzera pa kuimbiridwa chabe, ngakhale osayankha. Dziko lathu lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la mu 2016 komanso la Data Protection la mu 2024, lomwe limapereka udindo kwa aliyense wosunga mbiri za anthu ena. Ofesi yomwe imagulira akuluakulu ake galimoto siingalephere kuwagulira foni yosamaliridwa, ndipo iyenera kudziwa tsiku lomwe foni iliyonse ya pantchito idzasiyidwe.

Kwa ife amene timapereka mafoni kwa abale ndi antchito athu, ndikuona kuti mphatsoyo ili ndi ntchito yake yoyenera kuitsiriza. Foni iperekedwe ikadali ndi moyo m'kati, osati itagona m'dirowa zaka zitatu kudikira tsiku lomwe tidzakumbukire. Isanachoke m'nyumba ilumikizidwe ku WiFi n'kulandira ma update onse omwe atsala, chifukwa kumene ikupitako mwayi umenewo kulibe. Akaunti ya Google ichotsedwe foniyo isanafufutidwe. Ambiri amaiwala zimenezi, ndipo wolandira akaitsegula imamufunsa mawu achinsinsi a mwini wakale. Pochita manyazi kubwerera kwa bwana kukafunsa, amapita nayo ku Old Town kukaithyola, ndipo foni yomwe inachoka ku Area 43 ili yoyera imayamba moyo wake wachiwiri ndi pulogalamu yosadziwika kochokera. Ndipo wolandirayo auzidwe zoona, m'mawu omwe angamve: iyi ndi yabwino pocheza, koma ndalama musasungiremo.

Pogula, ndinaphunzira kuwerengera mwa njira ina. Mtengo wa foni ndimaugawa ndi zaka za ma update zomwe zatsala. Foni yotchipa yomwe isiyidwe chaka chamawa imatha kukhala yodula pa chaka kuposa ina ya mtengo wokwererapo yomwe isamaliridwe zaka zisanu. Ex-UK yooneka bwino yomwe mtundu wake unatuluka zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo imagulidwa ndi ndalama zambiri chifukwa cha dzina, pomwe masiku ake atsala ochepa. Kuwerengera kumeneku n'kosavuta. Chovuta n'kupeza nambala yogawira.

Ndinayesapo kufunsa m'mashopu a ku Old Town. Mnyamata wina wansangala ananditulutsira foni m'galasi nati, "Bwana, iyi ndi latest, 128 GB, kamera yake ndi yoopsa, batire masiku awiri." Nditamufunsa kuti ma update ake adzasiya liti, anatembenuza bokosi mbali zonse kufunafuna, kenako anati moona mtima, "Zimenezo sanalembe, bwana." Analondola. Bokosi limanena za kamera, za batire, za kukula kwa galasi, koma za chinthu chomwe chidzatsimikize kuti foniyo ingasunge ndalama mpaka liti silinena kanthu. Mnyamatayo sankabisa. Amene anamugulitsa katunduyo sanamuuze, ndipo makasitomala ake samufunsa.

Malawi ndi msika waung'ono, ndipo sitingalamule makampani a ku Shenzhen kapena ku Seoul kuti asamalire mafoni zaka zisanu monga achitira a ku Ulaya. Koma kufunsa tsiku tingathe. MACRA ili kale ndi mphamvu yovomereza mitundu ya zipangizo zolumikizirana zisanagulitsidwe m'dziko muno, ndipo pa mafunso omwe imafunsa wobweretsa katundu ingawonjezere limodzi: mtundu uwu mudzausamalira mpaka liti? Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe ntchito yake ndi kuteteza ogula, lingafune kuti yankholo limatidwe pa bokosi kapena pa shelefu. Makampani a mafoni a m'manja, omwe amapindula ndi ndalama iliyonse yodutsa pa Airtel Money ndi Mpamba, angalole kuti ma update a chitetezo azitsika osadya bandulo, monga amachitira ndi ntchito zina zomwe amafuna kuti anthu azigwiritse ntchito. Kapepala ka pa bokosiko kangakhale ndi mzere umodzi wokha, mwezi ndi chaka chomwe update yomaliza idzabwere, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, kuti wogula pa Malangalanga ndi wogula ku Gateway Mall awerenge chimodzimodzi asanatulutse ndalama.